Tsiku Limene Msewu Wathu Wonse Unanenepa

Alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, anachapa zovala za anthu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndikati kuchapa musaganize za timipango ndi timasokosi. Ndikunena mabulangete a anthu amene amakumbukira kamodzi pachaka kuti bulangete limachapidwa, makatani a m'maofesi, ndi maovololo a amakanika aja oti ukawaimika pansi amaima okha. Manja awo anafika poti akakupatsa moni umabisa dzanja lako kumbuyo n'kumalisisita. Koma kuseka ankaseka. Alamu anga ndi munthu amene amayamba kuseka nkhani isanafike poseketsa, ndipo ikamafika poseketsapo iwo amakhala atatha kale mphamvu, atatsamira khoma, akupukuta misozi ndi chigongono chifukwa m'manja muli thovu.

Achimwene amakonza mawayilesi pakhonde la nyumba yawo ya zipinda ziwiri. Ndi munthu wabwino, sindingawanamizire, kungoti wayilesi ikalowa pakhonde paja imakhala yafika kwawo. Mwini wake amayendera mwezi umodzi, miyezi iwiri, kenaka amatopa n'kukagula ina. Choncho chimene ana atatu a m'nyumba muja ankadya chinkachokera m'beseni la alamu, ndipo tsiku limene kwachita mitambo, zovala osauma, m'mbale namonso munkachita mitambo.

Chaka china m'dera lathu munafika bungwe lobwereketsa ndalama zing'onozing'ono kwa anthu aja oti akalowa m'banki mlonda amawafunsa kuti akufuna ndani. Bungweli silinkafuna chikole. Linkafuna anthu asanu asanu odziwana, aliyense woimira mnzake. Ngongole yoyamba inali yochepa, yobweza pang'onopang'ono sabata iliyonse. Onse asanu akachita bwino, yachiwiri inkabwera yokulirapo. Koma mmodzi akaterereka, onse asanu ankakhala pansi kudikira chaka china, ngakhale anayi enawo atakhala angelo.

Panali amayi anayi amene anagwirizana msanga: wa kaunjika, wa mazira, wa sopo ndi wa nsapato. Mayi a kaunjikawo anadzisankha okha kukhala tcheya anzawo asanatsegule pakamwa, ndipo mpaka lero ngakhale amuna awo amawaitana kuti a Tcheya. Vuto linali la munthu wachisanu. Anafufuza msewu wonse. Uyu amamwa, uyu amasamukasamuka, uyu mwamuna wake ali ndi manja ataliatali. Pomaliza a Tcheya anati, "Titenge ochapa aja. Munthu woti zovala za eni zili pachingwe sangathawe."

Bungwe linatumiza mlangizi, mayi wachitsikana wa njinga yamoto, wovala chisoti chachikulu ngati ndowa. Tinangowatcha a Chisoti. A Chisoti sankaseka, sankakwiya, sankadabwa. Nkhope yawo inali ngati chitseko cha ofesi Lamlungu.

Msonkhano woyamba unachitikira pabalaza pa a Tcheya, pakati pa milu ya masiketi ndi majuzi. Ine sindinali m'gulumo, koma zenera la a Tcheya lilibe galasi limodzi, ndipo tsiku limenelo mwendo wanga unkandipweteka moti ndinkadutsa pang'onopang'ono. Aliyense ananena chimene akagule. Atafika pa alamu, a Chisoti anafunsa osadzutsa mutu.

"Nanga inu, amayi?"

"Sikelo."

"Yoyezera nyemba?"

"Yoyezera anthu."

A Tcheya anatsamwa ndi malovu awo omwe. "Mukawayeza muzikawagulitsa kuti, asisi?"

Alamu anali atayamba kale kuseka, koma anakwanitsa kufotokoza. Kwa zaka zinayi ankachapa nsalu za kachipatala kena, ndipo ankaona zimene zimachitika pamzere. Munthu amabwera akubuula, atagwira m'chiuno, akuyenda ngati wasenza mtondo. Koma anamwino akangoti kwerani pasikelo, amawongoka, amavula nsapato, amakoka mimba, ndipo akamva nambala amayamba kutsutsa ndi mphamvu zimene analibe polowa.

"Palibe nkhani imene munthu amaikonda kuposa ya thupi lake," anatero alamu. "Ndipo taonani, a Tcheya. Mazira amasweka. Sopo amasungunuka. Kaunjika wanuyo wotsalira amakhala buluku la mwendo umodzi wautali. Ine katundu wanga azibwera yekha ndi miyendo yake, ndikamuyeza azibwereranso yekha."

A Chisoti analemba kanthu m'buku lawo, n'kutseka.

Alamu anagula sikelo yoyera, yokhala ndi kagalasi kozungulira ndi kamuvi kofiira m'kati, anagula kampando ndi ambulera, n'kupempha malo pakhonde la shopu ya mankhwala. Kumanzere kwawo kunali ometa tsitsi, kumanja butchala yokhala ndi mbaula yootchera nyama panja. Anaika mtengo wochepa kwambiri, ndalama yoti ikagwa m'ngalande suvula nsapato kuti uitole.

Masiku atatu oyamba anakwera anthu awiri okha, ndipo mmodzi anali achimwene, amene sanalipire. Chinavuta ndi benchi la kwa ometa. Pabenchi paja pamakhala abambo amene sameta, sagula kanthu, ntchito yawo ndi kuona. Munthu akangoponda sikelo, iwo ankasuzumira n'kulengeza nambala ngati zotsatira za mpira. Ndani angalipire kuti amuseke?

Tsiku lachinayi alamu anabwera ndi kansalu ka buluu, n'kuphimba kagalasi kaja. Munthu akakwera, iwo ankawerama, n'kutukula kansaluko pang'ono, n'kusuzumira okha, kenaka n'kudzuka kukamunong'oneza m'khutu. Pofika Loweruka panali mzere. Ena ankabwerera kunong'onezedwako basi, chifukwa pali anthu ambiri m'dziko muno amene palibe amawanong'oneza kanthu.

Zonse zikanayenda bwino pakanapanda mayi wa saluni. Mayiyu anakwera atatseka maso, milomo ikugwedera ngati akupempherera odwala. Alamu anasuzumira. Kamuvi kanali pa 84. Anayang'ana nkhope ija. Anasuzumiranso. Kenaka anadzuka n'kunong'ona kuti, "80."

Mayi uja anatsika akuvina, analipira kawiri, ndipo madzulo ake anabweretsa anzake asanu ndi mmodzi.

"Alamu, limenelo si bodza?" ndinawafunsa akundifotokozera.

"Bodza lake liti? Ndangomuchotsera nsapato, wigi ndi mavuto. Munthu amayenda ndi katundu wambiri wosakhala wake."

Kuyambira pamenepo kamuvi kanasanduka mlangizi chabe, wopereka maganizo. Chigamulo chinkachokera pankhope. Amayi ambiri ankachotseredwa makilo anayi. Abambo owonda ankawonjezeredwa atatu, chifukwa kwa iwo kulemera ndi umboni woti zinthu zikuyenda. Ometa aja, munthu wamtali wowonda ngati mlongoti, ankafunsira mng'ono wake wa mayi wa mazira, ndipo mtsikanayo anali atanena poyera kuti safuna mwamuna womangirira pamtengo kukachita mphepo. Ometa ankakwera Lachitatu lililonse, ndipo Lachitatu lililonse ankanenepa. Anafika pa 63 sabata yomwe anakaboola bowo latsopano pa lamba wawo kuti buluku lisamagwe.

"Nanga zikutheka bwanji, mayi?" anafunsa.

"Ndi mafupa, achimwene. Inu mukunenepera m'kati."

Chodabwitsa n'chakuti msewu wonse unkadziwa. Aliyense ankadziwa kuti alamu amanamiza anzake. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaganiza kuti amanamiza iyeyo.

Ndipo ndalama zinkalowa. Tsiku lobweza ngongole alamu ankafika oyamba, tindalama tachitsulo tili m'sokosi, n'kutikhuthula patebulo la a Tcheya mpaka tina kugubudukira pansi pa masiketi. Mabulangete anawasiya. Ana anayamba kupita kusukulu atamwa tiyi wamkaka, ndipo wamkuluyo anapeza nsapato zoyamba zimene sizinadutse kuphazi la munthu wina. Denga la kuchipinda linasiya kudontha. Magetsi amene anadulidwa zaka ziwiri m'mbuyomo anabwerera, ndipo achimwene atalumikiza mawayilesi a pakhonde paja anapeza kuti asanu ndi awiri anali abwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kunena kuti "sikelo yathu". Manja a alamu anafewa mpaka mphete yawo ya ukwati, imene inakhala zaka zambiri m'kabotolo, inalowanso, ngakhale kuti inalowa chala china.

Kasitomala wawo wamkulu anali bambo wina wachikulire wochokera kutsidya la msika, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito. Sankayenda opanda tayi, choncho anali a Tayi. Anali ndi mimba yoti imafika pakhomo iwo akadali pamsewu. Adokotala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, achepetse thupi ndipo aziyenda. Ndiye ankayenda Lolemba ndi Lachisanu kudzafika pasikelo, n'kukwera ndi ulemu wonse, manja kumbuyo. Alamu ankawamvera chisoni, chifukwa munthu wayenda mtunda wonsewo, thukuta lili kamukamu, ungamuuze kuti palibe chasintha? Ankawachotsera kilo imodzi, sabata inayo imodzi ndi theka. A Tayi ankagwedeza mutu mokhutira, n'kulipira, n'kuyenda masitepe asanu ndi limodzi kupita kumanja, kumene mwini butchala anali atatembenuza kale nthuli yamafuta.

"Munthu akakhoza mayeso amapatsidwa mphatso," ankatero a Tayi akunyambita zala. "Ndi mfundo ya maphunziro imeneyo."

Mwini butchala ankawapatsa alamu chiwindi chaulere Loweruka lililonse, ndipo palibe amene ananenapo chifukwa chake.

Ngongole yoyamba inatha, onse asanu atabweza mpaka khobidi lomaliza. Chinatsala n'chakuti a Chisoti ayendere geni ya aliyense ndi maso awo, asanavomereze yachiwiri. Apa m'pamene mitima inali m'mwamba. A Tcheya anali atalonjezedwa kale benchi la denga mumsika, loti akapanda kulitenga mwezi umenewo lipita kwa mkazi wa mlamu wawo, amene sayankhulana naye. Mayi wa mazira anali atamanga kale khola la nkhuku zimene anali asanagule. Wa sopo ndi wa nsapato nawonso anali atadya kale ndalamazo m'mutu.

A Chisoti anayendera anayiwo osapeza cholakwa. Kwa alamu anafika Lachisanu m'mawa. Amayi anayi aja anabwera kudzaperekeza, abambo a pabenchi anasendera kutsogolo, ndipo ine ndinakumbukira kuti ndikufuna mankhwala a mutu.

A Chisoti anavula chisoti, anavula nsapato, anapereka ndalama, n'kukwera.

Alamu anawerama, n'kutukula kansalu. Kamuvi kanali pa 61. Anadzutsa maso kuti awerenge nkhope monga mwa masiku onse, koma pankhope paja panalibe cholembedwa. Mayiyu akufuna kuchepa? Akufuna kukula? A Tcheya, amene anaima kumbuyo kwa a Chisoti, ankaloza chala pansi mwamphamvu. Mayi wa mazira ankaloza m'mwamba. Wa sopo anatseka maso, ndipo wa nsapato ankayang'anitsitsa nsapato za a Chisoti, poti munthu sasiya ntchito yake. Alamu anasuzumiranso, anayang'ananso nkhope, ndipo chifukwa cha mantha phwete linawaphulika. Anaseka atagwada pomwepo, mutu uli pafupi ndi mawondo a mlangizi wa bungwe.

"Musavutike, amayi," anatero a Chisoti. "Ndi 61. Ndinayeza dzulo kuchipatala. Ndinaperekeza bambo anga."

"Pepani, akudwala?" anafunsa alamu akupukuta misozi.

"Mukuwadziwa. Amavala tayi."

Ndivomere pano kuti ine, amene ndimadziwa yemwe ali ndi pakati mwini wake asanadziwe, ubale umenewu unandidutsa. Mpaka lero zimandiwawa.

A Chisoti anapitiriza ndi mawu omwe aja osakwera osatsika. "Inu munawauza kuti ali pa 88. Kuchipatala ali pa 103. Adokotala anawafunsa ngati ameza thumba la simenti. Bambo anayankha kuti sikelo ya chipatala ndi yakufa, ndipo iwo ali ndi katswiri wawo pakhonde la shopu ya mankhwala. Anakangana mphindi makumi awiri. Magazi awo akuthamanga kuposa kale, ndipo awawonjezera mapilitsi."

Kuseka kwa alamu kunazima ngati mbaula yothiridwa madzi.

"Sindinafune kuwapweteka," anatero pomaliza. "Ankafika atatopa."

"Ndikudziwa. Nawonso amakukondani, ndiye vuto lake." A Chisoti anatsika n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato. "Ngongole munabweza bwino, sindikutsutsa. Koma sindikudziwa ngati bungwe linabwereketsa ndalama ku sikelo kapena ku kansaluko. Kachotseni. Ndibweranso pakatha masabata anayi. Geniyi ikaima popanda kansalu, gulu lilandira. Ikagwa, ndiye kuti sinali geni, ndipo nonse asanu mudikira chaka chamawa."

Njinga yamoto isanakhote n'komwe, a Tcheya anali atayamba.

"Ndinanena ine. Munthu wamkulu kugula choyezera anthu ngati ndi mbuzi. Benchi langa likapita kwa mkazi uja, asisi, mudzandichapira kaunjika yense mpaka kufa."

"Munanena liti? Si inu munkaloza pansi pompano?" anatero mayi wa mazira.

"Ndinkaloza nyerere."

Lolemba lotsatira ndi limene mpaka lero timalikumbukira. Alamu anafika m'mawa, anatsegula ambulera, anaika sikelo pansi, kagalasi kali poyera ngati diso la ng'ombe. Anapempha abambo a pabenchi kuti atembenuke, ndipo iwo anatembenuka ndi matupi okha. Woyamba anali mayi wa saluni, amene m'mabuku a alamu anali atatsika kufika pa 76. Anayang'ana pansi n'kuona 86. Anatsika, anaizungulira sikelo, anakweranso ndi phazi lina.

"Yafa iyi."

"Siinafe, asisi. Yangoyamba kuyankhula yokha."

Pofika masana msewu wathu unali utanenepa ndi makilo oposa mazana awiri. Mkazi wa telala ananenepa asanu ataimirira malo amodzi. Mayi wina anapita kunyumba kukasintha diresi n'kubweranso. Wina anati alamu amulodza. Wina anakwera atagwira mzati wa khonde, ndipo atauzidwa kuti ausiye anati akuopa chizungulire. Amene anachepa anali abambo owonda okha. Ometa anataya makilo asanu ndi anayi nthawi imodzi, anakhala pabenchi lawo lomwe, makina ometera ali m'manja, n'kumafunsa aliyense wodutsa ngati akuoneka odwala.

A Tayi anafika nthawi yawo yamasiku onse. Alamu anaimirira, anapinda mawondo, n'kunena kuti, "Bambo, ndinakulakwirani. Ndinkakuchotserani."

"Tiona masamu ake," anatero a Tayi, n'kukwera.

Kamuvi kanathamanga ngati kakuthawa galu, n'kukaima pa 103. A Tayi anatsika. Anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino. Anavula nsapato. Anatulutsa makiyi, chikwama, magalasi ndi cholembera. Anaima kanthawi akuganiza, kenaka, msewu wonse ukuona, anamasula tayi. Anakweranso. 102.

"Mayi," anatero, "ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mwana wobera mayeso ndinkamudziwa ndi kakhalidwe. Sindinaganize kuti tsiku lina wina adzandiberera ine, ine n'kumakondwa." Anavala zinthu zawo chimodzichimodzi, analipira, n'kudutsa pabutchala osayang'anako. Mwini butchala anatsala atanyamula nthuli pafoloko.

Lachiwiri kunabwera anthu atatu. Lachitatu mmodzi. Lachinayi alamu anakhala tsiku lonse akuthamangitsa ntchentche pakagalasi, ndipo mwini shopu ya mankhwala anayamba kunena zoti khonde lake likufunika penti. Madzulo ake ndinawapeza atatulutsa beseni lija kuseri kwa chitseko, akuliyang'ana ngati mwamuna wakale amene wabwera kudzapepesa.

Amayi anayi aja anaona kuti madzi afika m'khosi. Anagwirizana zoti azibwera tsiku lililonse kudzapanga mzere, kuti odutsa aziona ngati geni ikuyenda. Wa mazira ankakwera kawiri patsiku. Wa sopo anabweretsa apongozi ake. Wa nsapato anabweretsa kwaya. A Tcheya ankabwera kudzayang'anira, koma kukwera ayi. Chigulireni sikelo ija anali asanaipondepo, ndipo ankati thupi lawo ndi nkhani ya iwo ndi Mlengi.

Sabata yachiwiri, Lachisanu, a Tcheya anatulukira akuchokera kokaoda katundu, wa wilibala akuwakankhira belo la kaunjika. Anaima pakhonde paja kuti apume, akudandaula kuti mabelo a masiku ano sachedwa kutha.

"Amati ndi makilo angati?" anafunsa alamu.

"45. Palembedwa apa."

"Munayezapo?"

A Tcheya anayang'ana belo, anayang'ana sikelo. Wa wilibala anayesa kuliika pasikelopo, koma belo linali lalikulu, linkaphimba kagalasi n'kugwera mbali.

"Njira ilipo imodzi," anatero alamu, ndipo ndinaona mapewa awo ayamba kugwedera. "Mulisenze, mukwere nalo. Kenaka tichotsepo inuyo, chotsalacho ndi belo."

"Ndiye chotsanipo."

"Kuti tichotse inu, a Tcheya, tiyambe tadziwa inu."

Abambo a pabenchi la kwa ometa anaimirira. Munthu wina amene ankametedwa anatuluka mutu uli theka. A Tcheya anaima pakati pa zinthu ziwiri zimene amazikonda kwambiri padziko lapansi, ulemu wawo ndi ndalama zawo, ndipo tonse tinaona nkhondoyo ikuchitika pankhope. Inatenga nthawi. Kenaka anavula nsapato, n'kunena osayang'ana munthu, "Amene atchule nambala, ndikamuuza mkazi wake kumene amakhala Lachisanu."

Panalibe amene anatchula. Inenso sinditchula, ngakhale kuti ili pakati pa 91 ndi 93. Anawasenzetsa belo, anakweranso, ndipo a Tayi, amene anali atangofika, anachotsera pamtima. Belo la makilo 45 linali la makilo 38.

A Tcheya sanatule n'komwe bwinobwino. Analamula wa wilibala kuti atembenuke, ndipo amene anawatsatira amati mwini sitolo yoodetsa anabweza ndalama za makilo asanu ndi awiri, n'kuwonjezera juzi kuti achoke pakhomo.

Nkhani imeneyi inafika mumsika iwo asanabwereko. M'mawa mwake pakhonde paja panali mayi atasenza thumba la nyemba, bambo atakumbatira zitsulo zakutha zoti akagulitse, ndi wina atanyamula nkhuku zinayi m'khwapa. Onse ankafuna kudziwa ngati kumene amagula kapena kugulitsa amawabera, ndipo ambiri anapeza kuti amawaberadi. Aliyense ankakwera kawiri, yekha ndiponso ndi katundu, choncho ankalipira kawiri. Mbiri inamveka yoti pali sikelo ina yopanda chisoni, yoti inachititsa manyazi mwini wake yemwe, ndipo kwa munthu wogula nyemba imeneyo ndiye sikelo.

Okwiya aja nawonso anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Pajatu nambala yokoma munthu ankaimva kamodzi n'kupita nayo kunyumba kukaisunga. Nambala yowawa siisungika. Mayi wa saluni ankabwera m'mawa uliwonse asanadye kanthu kudzaona ngati yasintha maganizo. A Tayi anasiya za Lolemba ndi Lachisanu, ankabwera tsiku lililonse ngati munthu wa mlandu kukhoti, ali ndi kabuku kolembamo, cholinga chawo chili choti tsiku lina adzaigwire sikeloyo ikudzitsutsa. Pobwerera ankadutsa tsidya lina la msewu. Mwini butchala anasiya kupereka moni kwa alamu, ndipo chiwindi cha Loweruka chinatha osatsanzika. Ometa anayamba kudya mazira awiri patsiku, ogula kwa mayi wa mazira yemwe uja, ndipo mng'ono wake ndi amene ankawabweretsera. Sananenepe ngakhale theka la kilo, koma mtsikanayo ankachedwa kubwerera.

Masabata anayi atakwana, a Chisoti anafika osachenjeza. Anaimika njinga, anakhala pamapeto pa benchi la kwa ometa, chisoti chili pamiyendo, buku lili pamwamba pa chisoti. Abambo a pabenchi anakhala mowongoka ngati ali m'kalasi. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu a Chisoti ankangolemba kamzere munthu akakwera. Bambo awo anafika, anakwera, kamuvi kanaima pa 100. A Tayi analemba m'kabuku kawo, mwana wawo analemba m'buku lake, ndipo sanayang'anane.

Masana gulu linakumana pabalaza pa a Tcheya. Mwendo wanga unayambiranso kupweteka.

"Anthu 47 theka la tsiku," anatero a Chisoti. "Ndachotsapo asanu ndi atatu a kwaya. Gulu lilandira Lolemba."

Mayi wa mazira analira. Wa sopo anakumbatira wa nsapato. Alamu anatsetsereka pampando mpaka kukhala pamulu wa majuzi, akuseka mopanda mawu, misozi ili mbwembwembwe, dzanja likumenya pansi. A Tcheya anati iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti mayiyu ali ndi mutu, n'chifukwa chake anamusankha.

A Chisoti anadikira phokoso lithe, n'kutsegula tsamba latsopano. "Ndiye ulendo uno mugula chiyani, amayi?"

"Sikelo ina," anatero alamu atapeza mpweya. "Yopachika, ya ngowe. Matumba azipachikidwa okha, anthu asamavutike kukwera ndi katundu pamutu."

"Ndakana," anatero a Tcheya.

Onse anatembenuka.

"Ine ndinakwera msewu wonse ukuona. Mkazi wa mlamu wanga akubweretsa belo lake sabata yamawa. Ya ngoweyo mugule akadutsa iyeyo."

A Chisoti anayang'ana a Tcheya, kenaka anafunsa kuti belolo likubwera tsiku lanji. A Tcheya anati Lachiwiri. A Chisoti analemba kuti sikelo ya ngowe idzagulidwa Lachitatu.